Misasa, lipenga ndi fumbi: masiku opatulika a Ayuda akafika ku Kabwe

Kumapeto kwa Seputembala dzuwa la ku Kabwe silinyengerera munthu. Ikamakwana 10 koloko m'mawa, aliyense amakhala akusaka mthunzi, ndipo mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, umene boma linauika m'gulu la zipilala za dziko, umaoneka ngati dalitso. Nyenje zimalira osapuma. Kamvuluvulu amanyamuka ku Kasanda, kudutsa m'mabwalo a nyumba, n'kukamwaza fumbi pa zovala zoyanika ndi m'mbale za ana. Kumidzi ya ku Chibombo ndi Kapiri Mposhi alimi amakhala ali kalikiliki kusosa, maso ali kumwamba, kudikira chizimalupsa.

Nthawi yomweyi, m'madera ambiri a kumidzi, munthu amatha kukumana ndi mizere ya timisasa ta udzu topanda anthu, tina titayamba kale kugwa. Si mudzi wosamukidwa ayi. Ndi pamene Akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist anagona sabata yathunthu mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Mabanja amanyamula ufa, mbaula, mphasa ndi mabulangete, amayi a Dorika amavala yunifolomu zawo za buluu, makwaya amasinthana kuimba mpaka usiku, ndipo kumapeto kwa sabatayo kumakhala ubatizo. Olankhula Chinyanja a mumpingowu amautchula msonkhano wa misasa.

Mawu akuti misasa amenewo ali ndi kwawo. Achokera m'buku la Levitiko mutu 23, pamene Aisraeli analamulidwa kusiya nyumba zawo masiku asanu ndi awiri chaka chilichonse n'kukagona m'zisakasa, kuti ana awo asadzaiwale kuti makolo awo anayendapo m'chipululu opanda denga lokhazikika. Mutu womwewo ukutchula masiku atatu akuluakulu a mwezi wachisanu ndi chiwiri, umene Ayuda amautcha Tishri. Tsiku loyamba ndi loliza malipenga, limene lero limadziwika kuti Rosh Hashanah, chaka chatsopano cha Ayuda. Tsiku lakhumi ndi Yom Kippur, Tsiku la Chitetezero. Kuyambira tsiku la 15 kumakhala Sukkot, chikondwerero cha misasa, chimene chimatsekedwa ndi msonkhano wa tsiku lachisanu ndi chitatu. Popeza Ayuda amawerenga miyezi potsata mwezi wa kumwamba, masikuwa amasunthasuntha pa kalendala yathu, koma sachoka mu Seputembala ndi Okutobala.

Mabuku ambiri ofotokoza masikuwa amalembedwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo amawatcha zikondwerero za nyengo imene masamba amayoyoka, chisanu chikuyandikira. Munthu wa ku Bwacha, ku Kabwe, amene akuwerenga zimenezo uku akupukuta thukuta angaganize kuti nkhaniyo ndi ya anthu akutali. Chonsecho iyeyo ndiye ali pafupi ndi tanthauzo lake kuposa wa ku London. Ku Israel mvula imasiya cha mu Epulo, ndipo kuyambira Meyi mpaka Seputembala kumakhala kuli gwa. Mvula yoyamba imayembekezeka mu Okutobala kapena Novembala. Ndiye kuti mlimi wa ku Galileya ndi mlimi wa ku Chibombo amayang'ana mitambo mwezi umodzimodzi, zitsime zitatsika, zokolola zili m'nkhokwe, nkhawa yawo ili imodzi. Mpaka lero, pa tsiku lachisanu ndi chitatu lija, Ayuda amayamba kutchula mvula m'mapemphero awo.

Eni ake anapondapo pano

Zikondwererozi zili ndi eni ake, ndipo ena mwa iwo anakhalapo m'dziko lino. Abale awiri, Elie ndi Harry Susman, ochokera ku Lithuania, anawoloka Zambezi mu 1901 kukagula ng'ombe ku Barotseland. Njanji itafika ku Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, mu 1906, patangotha zaka zinayi miyala ya mtovu ndi zinki itapezeka pamalopa, amalonda achiyuda anaitsatira, kutsegula masitolo m'matauni a m'mbali mwake. Cha pakati pa zaka za m'ma 1950 chiwerengero chawo m'dziko lonse chinafika pafupifupi 1,000, ndipo anali ndi masunagoge ku Livingstone, ku Lusaka ndi m'matauni a ku Copperbelt. Ufulu utabwera ambiri anasamuka. Sunagoge wa ku Livingstone, wa m'chaka cha 1928, lero amapempheramo Akhristu.

Kabwe ali ndi gawo lake pa mbiri imeneyi. Roy Welensky, mwana wa Myuda wochokera ku Lithuania, anali woyendetsa sitima ku Broken Hill, anatsogolera bungwe la azungu ogwira ntchito za njanji, ndipo mu 1938 anasankhidwa kuimira tauniyi kunyumba ya malamulo. Ndi yemwe uja anadzakhala nduna yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, amene Kenneth Kaunda ndi Kamuzu Banda analimbana naye. Tsidya linalo kunali Simon Zukas, nayenso Myuda wobadwira ku Lithuania, amene atsamunda anamuthamangitsa mu 1952 chifukwa chokana Chitaganya chomwecho pamodzi ndi anthu akuda. Anabwerera dziko litalandira ufulu, anadzakhala nduna, ndipo anamwalira pa 27 Seputembala 2021, m'masiku omaliza a chikondwerero cha misasa cha chaka chimenecho. Anthu awiri a mtundu umodzi anaima mbali ziwiri zosiyana pa nkhondo ya ufulu. Mlaliki aliyense amene amalankhula za Ayuda ngati kuti onse ndi munthu mmodzi, kaya powatamanda kaya powanyoza, ayenera kukumbukira mayina awiriwa.

Lipenga ndi owerengera masiku

Za tsiku la malipenga Levitiko sakunena zambiri: anthu apume, lipenga lilire, nsembe iperekedwe. Ayuda amaliza shofar, nyanga ya nkhosa yamphongo, ndipo kwa iwo kulira kwake kumatsegula masiku khumi odzifufuza ndi kulapa. Akhristu akamva za lipenga, maganizo awo amathamangira kwa Paulo, amene polembera Atesalonika ndi Akorinto anagwirizanitsa kulira kwa lipenga ndi kubwera kwa Ambuye ndiponso kuuka kwa akufa. Kuchokera pamenepo pabadwa chiphunzitso chofala chakuti Paskha ndi Pentekoste zinakwaniritsidwa pa kubwera koyamba kwa Yesu, ndipo zikondwerero za mwezi wachisanu ndi chiwiri zikudikira kubwera kwachiwiri.

Vuto limayamba pamene munthu watenga kalendala ndi cholembera. Mu 1988 Edgar Whisenant wa ku America anafalitsa kabuku kolengeza kuti okhulupirira akwatulidwa pa Rosh Hashanah ya chaka chimenecho. Mu 2025 Joshua Mhlakela wa ku South Africa ananena zofanana za pa 23 ndi 24 Seputembala, ndipo uthengawo unayenda pa TikTok ndi WhatsApp ngati moto wa lupsa. Masikuwo anafika, anadutsa. Yesu mwini wake anachenjeza kuti tsiku ndi ola lake sizidziwika, koma chaka ndi chaka pamapezeka wina woyesanso, ndipo amene amavulala ndi osauka amene amasiya ntchito kapena kugulitsa katundu.

Chodabwitsa n'chakuti umodzi mwa mipingo ikuluikulu ya mu Zambia unabadwa pa kulakwitsa kotereku. William Miller, mlimi wa ku America, anawerengera masiku 2,300 a mu Danieli mutu 8 n'kupeza kuti Yesu abwera cha mu 1843 kapena 1844. Mnzake Samuel Snow anapitirira: anati popeza ulosiwo ukunena za kuyeretsedwa kwa malo opatulika, tsikulo liyenera kukhala Tsiku la Chitetezero, ndipo mwa kuwerengera kwake linagwera pa 22 Okutobala 1844. Anthu zikwizikwi anadikira mpaka pakati pa usiku. Kutacha, ena anataya chikhulupiriro. Kagulu kena, kuphatikizapo Hiram Edson, kanabwerera ku Levitiko ndi ku Ahebri n'kunena kuti tsikulo linali lolondola koma chochitikacho anachimva molakwika: Khristu sanatsike padziko, analowa m'gawo lomaliza la ntchito yake ya unsembe kumwamba. Kaguluko kanakhala mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1863. Unafika ku Malamulo, ku Thyolo, mu 1902, ndipo W. H. Anderson anatsegula Rusangu pafupi ndi Monze mu 1905. Pofika 2015 mamembala ake mu Zambia anapitirira miliyoni imodzi, ndipo pulezidenti Hakainde Hichilema ndi mmodzi mwa iwo. Mipingo ina sigwirizana ndi chiphunzitso cha 1844, koma palibe angakane kuti kudzera mwa Aadventi, Tsiku la Chitetezero limakambidwa m'makalasi a Sukulu ya Sabata ku Chowa ndi ku Katondo mwakuya kumene alendo ambiri sangayembekezere.

Mbuzi ziwiri

Levitiko mutu 16 ndi mutu wa magazi ndi mantha. Kamodzi kokha pachaka, mkulu wa ansembe ankavula zovala zake zaulemerero, kusamba, kuvala nsalu yoyera wamba, n'kulowa kuseri kwa chinsalu chotchinga malo opatulikitsa. Ankayamba wapereka ng'ombe chifukwa cha machimo ake omwe, popeza nayenso anali munthu. Kenako pankabwera mbuzi ziwiri, n'kuchita maere. Imodzi inkaphedwa, magazi ake n'kuwazidwa pa chivundikiro cha likasa. Inayo, mbuzi ya Azazele, inkasiyidwa yamoyo. Wansembe ankaisanjika manja onse awiri pamutu, kuulula zolakwa za mtundu wonse, ndipo munthu wosankhidwa ankaitsogolera kuchipululu kumene sikukhala anthu.

Kalata ya kwa Ahebri, makamaka mutu 9 ndi 10, ndiyo imapereka tanthauzo la Chikhristu la mwambowu. Wolembayo akuti kubwereza nsembe chaka ndi chaka kunali umboni wakuti magazi a nyama sankatha kuchotsa tchimo mpaka kalekale, ndipo Yesu ndiye mkulu wa ansembe amene analowa kamodzi kokha, ndi magazi ake omwe, m'malo opatulika osamangidwa ndi manja. Olemba Uthenga Wabwino atatu akusimba kuti chinsalu cha m'Kachisi chinang'ambika pa imfa yake. Za mbuzi yachiwiri Akhristu amasiyana: ambiri amaona Khristu wosenza machimo, pamene Aadventi amaona Satana amene pamapeto adzasenzetsedwa zimene anayambitsa.

Kachisi wa ku Yerusalemu anagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70, ndipo kuyambira pamenepo Ayuda sapha mbuzi pa tsikuli. Amasala chakudya ndi madzi pafupifupi maola 25, kupemphera, kuulula machimo. M'mawa amawerenga Yesaya mutu 58, pamene mneneri akudzudzula anthu osala kudya uku akupondereza antchito awo, n'kunena kuti kusala kumene Mulungu amafuna ndi kumasula omangidwa, kugawana chakudya ndi anjala, kulandira osowa pokhala. Masana amawerenga Yona. Paulo nayenso ankalidziwa bwino tsikuli: mu Machitidwe mutu 27, Luka akugwiritsa ntchito kusala kumeneku ngati chizindikiro chakuti nyengo yoyenda bwino panyanja yatha.

Zambia ili ndi tsiku lake lofananirako. Pa 18 Okutobala 2015, ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndipo magetsi akuzimazima, pulezidenti Edgar Lungu anaitana dziko lonse kuti lisale kudya, lipemphere, lilape ndi kuyanjana. Mabala anauzidwa kutseka, masewera a mpira anaimitsidwa, ndipo tsikulo linasanduka tchuthi cha chaka ndi chaka. M'dziko limene Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi la Chikhristu pa 29 Disembala 1991, mwambo wotere sudabwitsa. Funso ndi lomwe lija la Yesaya: dzuwa likalowa, anthu atamasula, wolakwiridwa uja walandira chiyani?

Kabwe amadziwa kuopsa kwa chilakolako choyeretsa mudzi wonse tsiku limodzi. Tomo Nyirenda, wochokera kumpoto kwa Nyasaland, anagwirapo ntchito ku Broken Hill, n'kulowa gulu la Watch Tower la nthawi imeneyo limene linkayenda palokha popanda oliyang'anira. Mu 1925 anapita kwa Alala a ku Mkushi akudzitcha Mwana Lesa, ndipo ubatizo wake unasanduka njira yosakira mfiti. Anthu ambirimbiri anamizidwa m'madzi ku Mkushi ndi kutsidya kwa malire a Congo. Mu 1926 iye ananyongedwa ku Broken Hill. Nkhani yake ndi ya zaka zana zapitazo, koma mzimu wake sunafe: agogo okalamba akunamiziridwabe ufiti, ndipo alaliki ena akulozabe chala munthu mmodzi m'banja kuti ndiye gwero la tsoka. Ngati Mkhristu amakhulupirira zimene Ahebri akunena, kuti nsembe inaperekedwa kamodzi ndipo inakwana, alibenso chilolezo chosandutsa mnzake mbuzi ya Azazele.

Tchimo limene silinapite kuchipululu

Aphunzitsi akale a Chiyuda anasiya lamulo limene lili m'buku lawo la Mishnah. Limati Tsiku la Chitetezero limafafaniza zolakwa za pakati pa munthu ndi Mulungu, koma za pakati pa munthu ndi mnzake silizifafaniza mpaka wolakwayo atapita kukakonza ndi amene anamulakwira. N'chifukwa chake Ayuda opembedza amathera masiku khumi aja akupepesa abale ndi kubweza ngongole. Yesu anaphunzitsa zofanana mu Mateyu mutu 5, kuti wobwera ndi chopereka akakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, asiye choperekacho, ayambe wakayanjana naye. Zakeyu sanangolira misozi. Anabweza ndalama.

Palibe tauni mu Zambia imene mfundo imeneyi imaluma ngati Kabwe. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa kuno unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka kutsekedwa mu 1994, ndipo unasiya phiri la zinyalala zakuda pamodzi ndi dothi lodzaza ndi mtovu. Mtovu suoneka, sununkha. Mwana amaumeza akamasewera padothi n'kuika zala mkamwa, amaupuma m'fumbi, ndipo umawononga ubongo umene ukukula. Madokotala amayamba kuchitapo kanthu akapeza mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, ndipo akafika 45 mwanayo amafunika mankhwala apadera ochotsa mtovuwo. Kafukufuku wa akatswiri a University of Zambia ndi Hokkaido University, wofalitsidwa mu 2015, anayeza ana oposa 200 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Onse anapitirira 5, ndipo ambiri anapitirira 45.

Mu Okutobala 2020 maloya anakasuma kukhoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, akuimba mlandu kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo mu mgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo ikukana, ikuti sinali mwini kapena woyendetsa mgodi, ndipo ikuloza ku kampani ya boma imene inauyendetsa mpaka kutsekedwa. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwu uzengedwe ngati wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Kugamula kuti wolakwa ndani ndi ntchito ya oweruza. Chimene aliyense angaone ndi maso n'chakuti mtovu uja sunasenzedwe ndi mbuzi iliyonse kupita kuchipululu. Uli pabwalo pamene ana akusewera phada, ndipo mphepo ya Ogasiti mpaka Okutobala, nyengo yomwe ija ya misonkhano ya misasa ndi tsiku la kusala, ndiyo imaunyamula kwambiri.

Mlembi wa nkhani ino akuona kuti ulaliki wa chitetezero umene ungamveke ku Kabwe osatchula ana amenewa ndi woperewera. Chikhululukiro cha Mulungu n'chaulere, inde. Koma Baibulo lomwelo silinalekanitsepo kukhululukidwa ndi kukonza chimene chinawonongeka.

Madzi a tsiku lomaliza

Patapita masiku asanu kuchokera pa kusala, chisoni chimasanduka chimwemwe. Myuda wopembedza amamanga kachisakasa pabwalo kapena pakhonde. Denga lake liyenera kukhala la nthambi kapena mabango, losatsekeratu thambo. Banja limadyera momwemo, ena amagona momwemo, ndipo alendo amaitanidwa. Deuteronomo mutu 16 ukulamula kuti pachisangalalocho pasasowe wantchito, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Numeri mutu 29 ukuwerenga ng'ombe zoperekedwa sabatayo, kuyambira 13 tsiku loyamba kutsika mpaka 7 tsiku lachisanu ndi chiwiri, zonse pamodzi 70, ndipo aphunzitsi a Chiyuda ankati chiwerengerocho chikuimira mitundu yonse ya padziko. Solomo anapatula Kachisi wake mwezi womwewu. Pa nthawi ya Ezara ndi Nehemiya, obwerera ku ukapolo anamanga misasa pamadenga ndi m'mabwalo a Yerusalemu.

Pa nthawi ya Yesu panali mwambo wina umene anthu ankaukonda koposa. M'mawa uliwonse wansembe ankatsikira ku thamanda la Siloamu ndi mtsuko wagolide, kutunga madzi, kukwera nawo ku Kachisi anthu akuimba, n'kuwathira paguwa. Linali pemphero la mvula lochitidwa ndi manja. Usiku ankayatsa nyale zikuluzikulu m'bwalo la Kachisi. Mchewa amene anamvapo za nsembe za mvula ku Msinja kwa Makewana, kapena ku Khulubvi kwa Mbona, sangavutike kumvetsa chimene chinkachitika pamenepo. Ngakhale Alenje, eni nthaka ya kuno, amasonkhana ku Chibombo mu Okutobala pa mwambo wa Kulamba Kubwalo kuthokoza chifukwa cha zokolola.

Yohane mutu 7 akusimba kuti pa tsiku lomaliza la chikondwererochi Yesu anaimirira pakati pa khamulo n'kuitana aliyense womva ludzu kuti abwere kwa iye adzamwe, ndipo Yohane akufotokoza kuti ankanena za Mzimu Woyera. M'mutu wotsatira akudzitcha kuunika kwa dziko. Munthu akadziwa za mtsuko wa ku Siloamu ndi nyale zija, mawuwa amasiya kukhala ndakatulo chabe. Ankalankhula kwa anthu amene anatha miyezi isanu osaona dontho la mvula. Ngakhale kumayambiriro kwa Uthenga wake, pofotokoza kuti Mawu anakhala pakati pa anthu, Yohane anasankha liwu la Chigiriki lotanthauza kumanga hema. Ndipo Zekariya mutu 14 akuona tsiku limene mitundu yonse idzakwera kukachita chikondwerero cha misasa, n'kuchenjeza kuti okana sadzalandira mvula.

Anthu a mu Zambia safunika womasulira pa nkhani ya mvula. Pa 29 Febuluwale 2024 pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga chinapserera m'minda, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Ku Kabwe madzi ali ndi ntchito inanso. Malangizo a zaumoyo kwa mabanja okhala pafupi ndi mgodi ndi akuti azinyowetsa pabwalo asanasese, azibzala kapinga, azisambitsa ana m'manja asanadye, azikolopa m'nyumba ndi nsalu yonyowa. Zonsezi zimafuna madzi, ndipo mayi wa ku Makululu amene amagula madzi pa chigubu amayamba waganiza zophikira ndi zakumwa.

Makululu ndi imodzi mwa makomboni akuluakulu a mu Zambia amene anamangidwa popanda mapulani. Kwa wokhala m'nyumba yabwino ku Highridge, kugona mumsasa sabata imodzi ndi phunziro la kudzichepetsa. Kwa ena m'tauni yomweyo, denga lodontha ndi moyo wa masiku onse. Chikondwerero cha misasa chinakonzedwa kuti awiriwa akhale pa mphasa imodzi.

Kodi Mkhristu ayenera kusunga masikuwa?

Apa mipingo imasiyana, ndipo kusiyanako n'kwakale. Aadventi eni ake saphunzitsa kuti zikondwererozi n'zokakamiza. Msonkhano wawo woyamba wa misasa unachitika ku Wright, m'chigawo cha Michigan, mu 1868, potsata chizolowezi cha misonkhano ya chitsitsimutso ya ku America, ngakhale Ellen White, mmodzi mwa oyambitsa mpingowu, analemba kuti zikanakhala bwino anthu a Mulungu atakhala ndi chikondwerero chonga cha misasa chokumbukira madalitso. Mipingo yotsata ziphunzitso za Herbert W. Armstrong, monga United Church of God imene inayamba mu 1995 ndipo ili ndi anthu ku Lusaka ndi kumidzi ya ku Mumbwa, imasunga masiku onsewa pa nthawi yake yeniyeni. Bungwe la International Christian Embassy Jerusalem, kuyambira 1980, limasonkhanitsa Akhristu a m'mayiko ambiri ku Yerusalemu pa Sukkot chaka chilichonse. M'mipingo ina ya Chipentekoste shofar ndi nsalu zopempherera za Chiyuda zafika pa guwa.

Akatolika, Aanglikani, a Reformed Church in Zambia, a United Church of Zambia ndi ena ambiri amaima pa Machitidwe mutu 15, pamene atumwi anagwirizana kuti anthu a mitundu ina asasenzetsedwe chilamulo chonse cha Mose, ndiponso pa Akolose mutu 2, pamene Paulo akutcha masiku a zikondwerero mthunzi wa zimene zinali kubwera. Mu Aroma mutu 14 Paulo yemweyo akupempha wosunga tsiku ndi wosalisunga kuti asaweruzane.

Mkanganowu unabalapo zowawa. Mu 386 ndi 387, ku Antiokeya, John Chrysostom analalikira mwaukali chifukwa Akhristu a mumpingo wake ankapita kusunagoge kukamva malipenga ndi kusala pamodzi ndi Ayuda. Mawu achipongwe amene anagwiritsa ntchito anadzakhala chida m'manja mwa odana ndi Ayuda kwa zaka mazanamazana. Mpingo wa Katolika unakana poyera chidani chimenecho m'chikalata cha Nostra Aetate pa 28 Okutobala 1965.

Pakati pa kunyoza ndi kutengera zilizonse pali njira yoongoka. Mkhristu sakakamizidwa kusunga masikuwa, koma amene sawadziwa amawerenga Ahebri ndi Yohane ngati womvera mbali imodzi ya foni. Wofuna kuwasunga awasunge mwaulemu, podziwa kuti kwa Ayuda si mthunzi wa chinthu china, ndi chipembedzo chamoyo chimene makolo awo anachisunga m'mazunzo osaneneka. Chimene chiyenera kukanidwa kotheratu ndi malonda: mlaliki wouza anthu kuti pa Tsiku la Chitetezero kumwamba kumatseguka mwapadera kwa amene apereka ndalama yakutiyakuti. Chiphunzitso chimenecho chikutsutsana ndi kalata ya Ahebri yomwe, ndipo chimadya ndalama ya ndiwo ya mkazi wamasiye amene Deuteronomo anati aitanidwe kudzadya.

Mu 2026 Rosh Hashanah ikugwera pa 12 Seputembala, Yom Kippur pa 21, ndipo Sukkot ikuyamba pa 26. Tsiku la dziko la kusala ndi kuyanjana likubwera pa 18 Okutobala. Masabata amenewo ndi amene fumbi la ku Kabwe limakhala pachimake. Abusa, ansembe ndi akulu a mpingo a ku Kasanda, Chowa, Makululu ndi Katondo, mukamawerengera anthu anu Levitiko 16, Yesaya 58 ndi Yohane 7, auzeninso makolo kuti apite ndi ana awo kuchipatala akayezedwe mtovu m'magazi, ndipo bwalo la tchalitchi pamene anawo amasewera libzalidwe kapinga mvula yoyamba ikangogwa.